Mbiri ya Adyo: Ndiwo Kapena Mankhwala?

Mukapita pa msika wa Kapata ku Chipata mudzapeza amayi atayala adyo pambali pa anyezi ndi matimati. Kodi mudziwa kuti kamutu koyera kameneka kali ndi mbiri yakale kwambiri?

Baibulo lichula adyo pa Numeri 11:5, pamene Aisraeli m'cipululu analakalaka zakudya za ku Igupto. Ku China nako, asing'anga agwiritsa nchito adyo kwa zaka mazana ambiri pocepetsa kutsegula m'mimba ndi kupha njoka za m'mimba. Sing'anga wochuka Li Shizhen anaulemba m'buku lake la mankhwala, Bencao Gangmu, limene linasindikizidwa mu 1596. Mpaka lero China ndiye alima adyo wambiri padziko lonse.

Nanga mphamvu yake icokera kuti? Mu 1944 katswiri wa ku America, Chester Cavallito, anapeza cinthu cochedwa allicin cimene cituluka adyo ukasinjidwa. Ndico cinunkhitsa, ndipo cipha tizilombo tina poyesa m'mabotolo. Koma kupha tizilombo m'botolo si kuciritsa munthu.

Kusokoneza zinthu ziwirizi kunabweretsa maliro m'nthawi ya Edzi. Manto Tshabalala-Msimang, nduna ya zaumoyo ku South Africa kucokera mu 1999 mpaka 2008, anatamanda adyo ndi mandimu koposa ma ARV. Mu 2008 ofufuza a ku Harvard anawerengera kuti anthu oposa 330,000 anamwalira kumeneko pakati pa 2000 ndi 2005 cifukwa ca kucedwa kwa ma ARV. Kuno ku Zambia boma linayamba kupereka ma ARV mwaulere m'zipatala zake, ndipo ambiri amene anali gone anadzuka. Covid-19 itafika mu 2020, mphekesera ya adyo inabwereranso, koma bungwe la WHO linati palibe umboni wakuti uteteza ku nthendayo.

Tsono thirani adyo m'ndiwo, ngwabwino ndithu. Koma wina akauza m'bale wanu kuti aleke mankhwala a kucipatala ndi kumwa madzi a adyo, musakhale cete. Mperekezeni kukafunsa adokotala kapena anamwino. Mwina mau anu ndiwo adzapulumutsa moyo wake.