Chipewa cha NY pa Liwonde ndi mayina a Maule

Tsiku lina ndikudikira minibasi ya ku Ntaja pa Liwonde, ndinayamba kuwerenga zipewa zimene anthu anavala, poti wodikira galimoto sasowa choyang'ana. Zambiri zinali ndi zilembo ziwiri zokolowana, N ndi Y. Wakabaza wavala chomwecho, wogulitsa nsomba chomwecho, wotsatsa minibasi nayenso chomwecho. Ndinasendera kwa mnyamata wina amene anali atangotsegula belo la kaunjika.

"Achimwene, zilembo zimenezi zikuimira chiyani?"

"New York imeneyo, bwana. Ndi lebulo basi. Mutenga chofiira kapena chakuda?"

Nditamuuza kuti imeneyo ndi baji ya timu ya masewero, anandiyang'ana ngati ndaledzera m'mawamawa. "Timu ya ligi iti? Bwanji sinakumanepo ndi Arsenal?"

Mnyamatayo sanalakwe kudabwa. Timuyo ndi New York Yankees, ndipo imasewera baseball, masewero a ku America omenya kampira ndi chibonga, amene kuno kwathu ambiri sitinawaonepo ndi maso. Komabe chizindikiro chake chafika mpaka kwa Nselema. Ine funso langa ndi lakuti: chili ndi mankhwala anji?

Mbiri imene eni timuyo amafotokoza ndi yoti zilembozo zinajambulidwa koyamba mu 1877 ndi kampani ya Tiffany, pa mendulo yolemekezera wapolisi wa mumzinda wa New York, John McDowell, amene anawomberedwa ali pantchito. Timuyo inazitenga mu 1909, nthawi imeneyo ikutchedwa Highlanders, ndipo dzina la Yankees linakhazikika mu 1913. Taonani awerengi, dzina linasintha, eni ake asinthana kangapo, bwalo lakale linagwetsedwa n'kumanga lina, koma zilembo ziwirizo zili pomwepo zaka zoposa 100. Zoti chipewacho chizipezeka chofiira zinadza mu 1996, pamene mkulu wojambula mafilimu Spike Lee anapempha kampani ya New Era kuti imusokere cha mtundu umenewo. Kuyambira pamenepo chipewa chinatuluka m'bwalo la masewero n'kulowa mumsewu, ndipo msewuwo ndi umene unathera m'belo la pa Liwonde.

Mankhwala ake, mmene ndikuonera ine, ndi kuphweka. Mwana wa Sitandade 2 atha kuchijambula pa dothi ndi kamtengo, ndipo munthu ali tsidya lina la msewu umachizindikira usanaone nkhope yake. Cha Los Angeles Dodgers, L ndi A zogwirana, chimene chinadza timuyo itasamuka ku Brooklyn mu 1958, n'chimodzimodzi. Koma chimene chimandigwira mtima ine monga mlakatuli ndi cha Milwaukee Brewers cha mu 1978. Ukachiona koyamba ndi golovesi yawakha mpira. Ukachiyang'anitsitsa upeza kuti golovesiyo ndi zilembo m ndi b. Ndi mwambi weniweni, wonena ziwiri m'mawu amodzi. Akuluakulu a timuyo anachisiya mu 1994, ochemerera sanasiye kuchivala, mpaka mu 2020 chinabwerera pa chipewa.

Pali zinanso zimene zinagwa, ndipo zinayenera kugwa. Timu ya ku Cleveland inakhala zaka zambiri ndi chithunzi chotchedwa Chief Wahoo, kankhope kofiira kongoti mano gwa, konyoza eni nthaka a ku America. Eni nthakawo anadandaula kwa nthawi yaitali. Chithunzicho chinachotsedwa pa yunifolomu nyengo ya 2018 itatha, ndipo kuyambira 2022 timuyo ndi Guardians. Chizindikiro chosekedwa nacho mnzako sichikhala chokongola, ngakhale wojambula akhale katswiri wotani.

Tsono tibwerere kwathu, poti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mu 2004 ndinali kamnyamata ka pulayimale kuno ku Machinga, ndipo wailesi ya amalume ndiyo inali sitediyamu yathu. Chaka chimenecho Bullets inagwetsa Orlando Pirates ya ku South Africa n'kulowa m'ndime ya magulu ya CAF Champions League, kumene inakakumana ndi Enyimba ya ku Nigeria ndi Étoile du Sahel ya ku Tunisia. Inkatchedwa Bakili Bullets, chifukwa amene ankaithandiza anali Dr Bakili Muluzi, mwana wa boma lino, mtsogoleri wa dziko kuchokera mu 1994 mpaka 2004. Ife tinkayenda modzitukumula ngati timuyo yabadwira pa Kapoloma. Amalume okha ndiwo sankalitchula dzinalo. Kwa iwo inali Bata Bullets, ndipo ndikawakonza ankati, "Iwe mphwanga, takhala chete. Mayina awo ndi akamwini."

Ndinawamvetsa nditakula. Timu imeneyi, imene inayamba mu 1967 osewera ena atapatuka ku Wanderers, yakhalapo Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, Nyasa Big Bullets, kenaka FCB Nyasa Big Bullets. Anzawo a pa Lali Lubani nawo ayenda njira yomweyo: Yamaha, Limbe Leaf, MTL, Be Forward, Mukuru. Mkamwini amabwera, kumanga nyumba, kulima, ndipo tisaname, popanda iye osewera akadagona ndi njala. Koma ukwati ukatha amanyamula kathumba kake, mbumba n'kutsala pamudzi. Vuto lathu ndi lakuti mkamwini aliyense timamulola kusintha dzina la mwana. Amene anagula jezi dzana, lero wavala mbiri yakale.

Nanga chatigwirizitsa n'chiyani zaka zonsezi? Ndi mtundu wa nsalu ndi dzina la pakamwa. Kufiira ndi Maule, buluu ndi Manoma. Pitani pa depoti ya Balaka tsiku la debi mukaone: palibe wofunsa kuti akuthandiza timu ndani chaka chino.  Zizindikiro zathu zenizeni sanajambule ndi munthu wa mu ofesi, tinazisunga tokha ochemerera.

Ndipo asatinamize munthu kuti Amalawi sitisamala za zizindikiro. Mu 2010 boma linachotsa dzuwa lotuluka pa mbendera n'kuikapo dzuwa loyera lathunthu. Anthu anang'ung'udza mpaka mu 2012 dzuwa la 1964 linabwerera.

Pempho langa kwa akuluakulu a matimu ndi ili: baji ikhale ngati mfunda. Phiri ndi Phiri, kaya walemera kaya wasauka, kaya wakwatira kwina. Dzina la kampani lilembedwe pachifuwa, lilipire, nthawi yake ikatha lifufutidwe. Baji ndi dzina la timu zisakhudzidwe. Ndipo bajiyo ikhale yoti mwana wa ku Ulongwe aijambule pa dothi popanda kuonera.

Chipewa chija ndinagula, chofiira. Amalume atachiona anafunsa kuti ndi cha timu yanji. Ndinawafotokozera zonse, za wapolisi, za Tiffany, za chibonga. Anachitembenuzatembenuza, n'kuchivala, n'kuti, "Bola n'chofiira." Mpaka lero sanandibwezere.