Chigodola cha nkhumba: matenda a kutchire amene amafalitsidwa ndi anthu

Chigodola cha nkhumba ndi matenda oyamba ndi kachilombo ka vairasi amene amagwira nkhumba zoweta ndi zakutchire. Munthu sadwala nawo, koma akalowa m'khola, kawirikawiri sipatsala nkhumba yamoyo. Yogwidwa imatentha thupi, imaleka kudya, khungu la m'makutu ndi kumimba limafiira, ndipo zambiri zimafa masiku khumi asanathe. Mankhwala ochiza palibe.

Matendawa anafotokozedwa koyamba m'chaka cha 1921 ndi katswiri wa ziweto Eustace Montgomery, ataona nkhumba za atsamunda zikutha ku Kenya. Gwero lake lili kutchire. Njiri ndi nguluwe zimakhala ndi kachilomboka popanda kudwala, ndipo nkhufi zokhala m'mauna a njiri zimakatenga poyamwa magazi a tiana ta njirizo. Nkhufi imatha kukasunga kachilomboka zaka zingapo ndi kukapatsira ana ake. Kuno ku Malawi, kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1980 anapeza kachilomboka m'nkhufi za m'makola a nkhumba m'boma la Mchinji, kusonyeza kuti matendawa amatha kukhazikika pamudzi ngakhale njiri ili kutali.

Komabe kuloza chala nyama zakutchire n'kulakwira njiri. Maulendo ataliatali a chigodola anayenda ndi munthu, chifukwa kachilomboka sikafa msanga m'nyama yaiwisi, yowuma kapena ya m'firiji. Mu 1957 kanafika ku Portugal, ndipo akatswiri amati kanadzera m'zakudya zotsala za m'ndege zimene anapatsa nkhumba pafupi ndi Lisbon. Mu 2007 kanatulukira ku Georgia, kuchokera kumeneko n'kufalikira ku Russia ndi kum'mawa kwa Ulaya. Mu Ogasiti 2018 kanalowa ku China, dziko limene panthawiyo linali ndi pafupifupi theka la nkhumba zonse za padziko lapansi, ndipo mtengo wa nyama unakwera koopsa chaka chotsatira.

Zomwezi zimachitika kwathu kuno, kungoti mtunda ndi waufupi. Mlimi akaona nkhumba ziwiri zafa, amathamangira kupha kapena kugulitsa zotsalazo motchipa kuti apulumutseko kandalama, ndipo n'zomveka, poti nkhumbayo ndiyo fizi ya mwana ndi thumba la fetereza. Koma nyamayo ikakwera njinga kupita kumsika kapena pachiwaya m'tauni, kachilombo kamatsatira: pampeni, pansapato za wogula, m'madzi otsukira ndi m'makombo opita kukhola lina. Ichi n'chifukwa chake mliri ukabuka boma limaletsa kupha, kugulitsa ndi kuyendetsa nkhumba m'dera lokhudzidwalo.

Dziko la Vietnam linavomereza katemera mu 2023, koma sanafalikire m'maiko ambiri. Chitetezo chimene mlimi ali nacho n'chakale chomwe: kutsekera nkhumba m'khola, kuwiritsa makombo asanaperekedwe, kuika padera nkhumba yogula kumene, kukwirira mozama kapena kutentha yakufa, ndi kudziwitsa mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo.