Asodzi a ku Maracaibo ndi Nthenda ya Huntington

M'caka ca 1872 sing'anga wina wa ku America, dzina lace George Huntington, analongosola nthenda imene lero ichedwa ndi dzina lace. Anali wa zaka 22 zokha, koma anali ndi mwai umene anzace analibe: atate ace ndi agogo ace anali asing'anga m'dera limodzi pa cisumbu ca Long Island, ndipo anapenyerera mabanja omwewo kwa mibadwo ingapo.

Nthendayi ndi ya ubongo, ndipo kawirikawiri igwira munthu atakula kale ndi kubala ana. Manja, miyendo ndi nkhope zigwedezeka zokha monga ngati munthuyo ali kubvina, nzeru zizilala pang'onopang'ono, ndipo patapita zaka 15 kapena 20 afa. Huntington anaona kuti icokera kwa kholo kunka kwa mwana, ndi kuti mwana akapulumuka, adzukulu obadwa mwa iye apulumukanso. Koma cimene cinali kuyenda m'mtundumo palibe anacidziwa.

Yankho linacokera kutali, kwa asodzi osauka a m'mbali mwa nyanja ya Maracaibo ku Venezuela. Kumeneko sing'anga Americo Negrette anaona anthu ambiri akudzandira m'njira, nayesa kuti ndi mowa. Atawacezera m'nyumba zao anazindikira kuti ndi nthenda ija, ndipo anaulula zimenezi mu 1955. Mu 1972 wophunzira wace anaonetsa zithunzi zoyenda za anthuwa pa msonkhano wa asing'anga ku Ohio, ndipo mwa oonerera munali Nancy Wexler.

Kwa mai ameneyu nkhaniyi sinali ya m'mabuku cabe. Amai ace anali kudwala nthenda yomweyo, ndipo iye anadziwa kuti mwa ana a kholo lodwala, monga theka amaitenga. Mu 1979 anafika ku Maracaibo, nabwererako caka ndi caka kwa zaka zoposa 20. Iye ndi anzace anayenda pa ngalawa kumidzi yomangidwa pa mitengo pamwamba pa madzi, kufunsa kuti uje anabala yani, kufikira analemba mzera wa abale oposa 18,000. Anapemphanso magazi ndi kacikopa kakang'ono. Kupempha mlendo magazi ndi cinthu cobvuta kulikonse. Anthu ena anabvomera pamene iye anawaonetsa cipsera pa mkono pace, pamene nayenso anacekedwa.

Magaziwo anatumizidwa ku Boston, kumene James Gusella mu 1983 anapeza kuti cilemaco cili pa kromosomu yacinai, imodzi mwa timitolo ta m'maselo a thupi tosunga zimene titengera kwa makolo. Panapita zaka zina 10 kuti apeze jini yeniyeniyo. Mu 1993 kunadziwika kuti m'jiniyo muli kacigawo kobwerezabwereza, kamene akatswiri amakalemba CAG. Mwa anthu ambiri kabwerezedwa kosapitirira 26. Kakafika pa 40 nthenda idzabwera ndithu, ndipo pamene kaculuka, m'pamenenso ifulumira.

Kuyambira pamenepo munthu akhoza kupimitsa magazi ace nadziwiratu za m'tsogolo, ngakhale ambiri a m'mabanja otere safuna, pakuti kudziwako sikuciritsa. Asodzi a ku Maracaibo anatsala mu umphawi wao. Mu 2020 Nancy Wexler anaulula poyera kuti nayenso ali ndi nthenda ya amai ace.