Za Kuwerenga Tizipinda ta m'Mwazi

M'caka ca 1665 Robert Hooke wa ku England anapenya khungwa la mtengo m'galasi lokuza zinthu, naona tizipinda tambirimbiri tonga ta m'cisa ca njuci; dzina la maselo linayambira pomwepo. Mu 1880 dotolo Laveran, ali ku Algeria, anapeza kacirombo ka malungo m'mwazi wa wodwala. Koma kupenyako ndi kuwerengako kunatsalira maso a munthu. Ife amene tadikirapo pa khonde la cipatala, mwana ali kutentha thupi, tidziwa kuti wopima mwazi naye alema pofika madzulo; ngakhale nyemba, tikaziwerenga nthawi yaitali, tiphonya.

Tsono anzeru anayesa kuphunzitsa kompyuta kuwerenga maselo pa cithunzi. Cobvuta cinali ici: maselo awiri akakhudzana, makina anawayesa limodzi. Mu 2015 Olaf Ronneberger ndi anzace a ku Freiburg anakonza njira yochedwa U-Net. Anaionetsa zithunzi zowerengeka zimene anthu anazilemba malire ndi manja, naidzudzula koposa ikaphonya kampata kaja ka pakati pa maselo ogundana, kufikira inadziwa kulekanitsa selo ndi linzace.