Nicodemus: Mudzi wa Akapolo Omasulidwa

Ukapolo utathetsedwa m'dziko la Amereka m'chaka cha 1865, anthu akuda a m'zigawo za kummwera anazindikira msanga kuti ufulu wopanda munda ndi dzina chabe. Ambiri ankalimabe m'minda ya omwe kale anali ambuye awo, ngongole itawamanga m'malo mwa unyolo. Motero pamene W. R. Hill, mzungu wotsatsa malo, ndi Mbusa W. H. Smith anafalitsa mbiri ya nthaka yachonde ku Kansas, anthu anatchera khutu. Lamulo la 1862 linkalola munthu kutenga maekala 160, ndipo akakhalapo ndi kulima zaka zisanu, malowo ankasanduka ake.

M'chaka cha 1877 anthu pafupifupi 300 ochokera ku Kentucky ananyamuka. Sitima inawatula ku Ellis, ndipo makilomita oposa 50 otsalawo ambiri anayenda pansi mpaka kumtsinje wa Solomon, kumene kunali mudzi watsopano wa Nicodemus.

Zomwe anapeza sizinali zomwe anamva. Malowo anali chidikha cha udzu okhaokha, chosowa mitengo yoti munthu n'kudula nsichi kapena phaso. Anthuwo anakumba maenje m'mbali mwa zitunda nafolera pamwamba ndi zibuma za udzu, n'kumagona m'menemo ngati mbewa kuuna. Mayi Willianna Hickman, amene anafika mu 1878, anasimba atakalamba kuti amuna awo anawalozera utsi wofuka kuchokera pansi, nati mudzi uja ndi umenewo. Mayiwo anagwetsa misozi. Sitingawadzudzule, pakuti anali atasiya kwawo kwa mitengo ndi mapiri.

Gulu loyambalo linafika nyengo yobzala itapita, kotero kuti chisanu chinalipeza lopanda nkhokwe. Nkhuni zawo zinali ndowe zouma ndi mapesi a mpendadzuwa. Ena ankatola mafupa a njati n'kumagulitsa, ena anakalowa ganyu kutali, ndipo ena anangobwerera.

Otsalawo anapirira. Pasanathe zaka khumi, mudziwo unali ndi nyumba za miyala, matchalitchi, sukulu, masitolo, banki ndi nyuzipepala ziwiri. Mmodzi wa nzika zake, Edward P. McCabe, anasankhidwa mu 1882 kukhala woyang'anira mabuku a chuma cha boma la Kansas, udindo umene unali wosowa kwambiri kwa munthu wakuda masiku amenewo.

Chimene chinagwetsa mudziwu si njala ayi, koma njanji. Mu 1888 kampani ya Union Pacific inadutsitsa njanji yake kutsidya kwa mtsinje, ndipo kumeneko kunabadwa tauni ya Bogue. Mlimi wopanda sitima akanagulitsa bwanji tirigu wake? Amalonda anasamukira kutsidyako, ena atanyamula ndi nyumba zomwe. Kenaka chilala ndi mphepo ya fumbi ya m'zaka za m'ma 1930 zinabalalitsa mabanja ambiri, achinyamata n'kulowera kumizinda.

Mu 1996 boma la Amereka linaika Nicodemus m'gulu la malo osungidwa chifukwa cha mbiri yake, ndipo nyumba zisanu zakale zikutetezedwa. Kalembera wa 2020 anapezamo anthu 14 okha. Komabe chaka ndi chaka, kumapeto kwa Julaye, zidzukulu za anthu aja zimabwera kuchokera kumizinda yakutali kudzachita chikondwerero chokumbukira kumasulidwa, ndi kudzaona manda a makolo awo.