Mboni ya Mchere

Makolo athu a m'zigwa za Kasungu, amene ankatentha udzu wa m'madambo ndi kutcheza phulusa lake kuti apeze chokoleretsa ndiwo, ankauopa mchere kwambiri, kotero kuti mayi amene ali kumwezi sankauthira mumphika, kuopa kudula a m'nyumba mwake. Koma ngakhale anautchinga ndi miyambo yolimba chotere, chinawabisikira chinthu chimodzi, ndicho chakuti nthaka ya dziko lotalikirana ndi nyanja yamchere kawirikawiri imasowa ayodini, ndi kuti chithokomiro chotupa pakhosi, ngakhalenso kubadwa kwa ana ofooka nzeru, gwero lake ndi kusowa kumeneko.

Ayodiniyo anamutulukira Bernard Courtois ku France mu 1811, nayenso m'phulusa, la zomera za m'nyanja. Mu 1814 kunadziwika kuti akakumana ndi sitachi amasanduka wobiriwira modera, ndipo mu 1853 Robert Bunsen anakhazikitsa njira yoyezera mankhwala ndi iyeyo. Pa msika wa Nkhamenya, pamene mchere umagulitsidwa pa timilu, phindu la nzeruzi linafika mochedwa ndithu, pambuyo pa lamulo la 1995 lolamula kuti mchere wodya uzikhala wothira ayodini.

Komatu lamulo lopanda mboni n'lakufa, pakuti mchere wabwino ndi wachabe, diso ndi lilime sizingaulekanitse. Mboni yake ndi woyeza, monga aja a ku Malawi Bureau of Standards, amene amasungunula magalamu 10 a mchere m'madzi, nathiramo asidi ndi potassium iodide, mpaka ayodini wobisika uja atamasuka ndi kusandutsa madziwo achikasu. Akawabisa mumdima kwa mphindi 10, amayamba kudonthezeramo sodium thiosulphate, amene amabwezera ayodini ku mkhalidwe wopanda mtundu, ndipo chikasu chikayamba kuzilala amathiramo sitachi, madzi nadetsedwa nthawi yomweyo. Apa ndi pamene akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, pakuti dontho limodzi lomaliza la sodium thiosulphate ndilo limayeretsa madzi kuti mbee, ndipo wopupuluma akapitiriza madontho awiri okha, wanamizira mchere chuma chimene ulibe.

Ine chimandiwawa n'chakuti mchere wopambana mayeso onsewa umatha kusukuluka ukafika kwathu, poti chinyezi ndi kutentha zimachotsa ayodini pang'onopang'ono m'thumba losiyidwa kukamwa pamsika nyengo ya dzinja.