Mankhwala otuwa omatira mano: kodi ndi oopsa?

Anthu a ku Fonte Boa ndi midzi ina ya pa mapiri a Angónia akamva dzino kuwawa, ambiri amangoganiza zokazulitsa. Komabe dzino lobooka lingathe kumatidwa, ndipo ena amene anamatitsa kuchipatala, kuno ku Tete kapena kutsidya ku Malawi, ali ndi kachitsulo kotuwa m'chibwano. Kachitsuloka kamatchedwa amalgam. Pa Chipwitikizi anthu amati "chumbo", koma mulibe mtovu m'menemo.

Amalgam ndi chiyani?

Ndi msanganizo wa zitsulo. Pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mercury, kapena kuti mercúrio, chitsulo chooneka ngati siliva wamadzi. Theka linalo ndi ufa wa siliva, tini ndi mkuwa. Zikasakanizidwa zimafewa, dokotala n'kuzikanikizira m'bowo la dzino, kenako zimauma gwa. Madokotala a mano akhala akugwiritsa ntchito amalgam kwa zaka zoposa 150 chifukwa ndi wotsika mtengo, amapirira kutafuna ndipo amakhala zaka zambiri.

M'thupi la munthu

Mercury ndi poizoni wowononga ubongo, mitsempha ndi impso akachuluka m'thupi. Dzino lomatidwa ndi amalgam limatulutsa mpweya wochepa kwambiri wa mercury, makamaka potafuna kapena pokukuta mano. Kafukufuku sanapeze kuti mlingo umenewu umadwalitsa akuluakulu athanzi.

Pali magulu ofunika kusamala. Mu 2020 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku United States, linalangiza kuti ngati n'kotheka amalgam asaikidwe kwa amayi apakati, oyamwitsa, ana aang'ono, odwala impso, odwala matenda a ubongo ndi mitsempha, komanso amene thupi lawo limadana ndi zitsulozi.

Bungwe lomweli silinalangize kuchotsa amalgam amene ali bwino m'dzino. Poboola kuti achotsedwe, mpweya wa mercury umatuluka wambiri kuposa masiku onse, ndipo mbali ya dzino labwino imaperesekanso. Choncho palibe chifukwa chozulitsira dzino poopa kachitsuloka. Kamasinthidwa kakasweka, kakagwedera, kapena dzino likayambanso kuwola pansi pake.

M'madzi ndi m'nthaka

Nkhawa yaikulu ili pa zotsala. Tizidutswa ta amalgam tikatsukidwira m'ngalande kapena kutayidwa kudzala, mercury amalowa m'nthaka ndi m'madzi. Tikawotchedwa pamodzi ndi zinyalala za kuchipatala, amauluka ndi utsi n'kudzagwa ndi mvula. Mercury saola. M'matope a mitsinje tizilombo tosaoneka timamusandutsa mtundu woopsa kwambiri umene umaunjikana m'nsomba, makamaka zodya zinzake. Zotayidwa pa mapiri a Angónia sizithera pomwepo, pakuti mtsinje wa Revúbuè umatengera madzi a kuno mpaka ku Zambezi, pafupi ndi mzinda wa Tete.

Dziko linaphunzira kuopsa kwake ku Minamata, m'dziko la Japan. Mu 1956 madokotala anapeza matenda achilendo pakati pa mabanja a asodzi: dzanzi, kunjenjemera, kulephera kuyenda ndi kulankhula. Gwero lake linali fakitale ya kampani ya Chisso imene inkatayira mercury m'nyanja.

Poyerekeza ndi mano, gwero lalikulu la mercury wowononga chilengedwe padziko lonse ndi migodi ing'onoing'ono ya golide, yonga ya magarimpeiro a ku Manica ndi madera ena a Tete, kumene mercury amawotchedwa poyera kuti golide atsale.

Zimene mayiko anagwirizana

Pangano la Minamata linasainidwa mu Okutobala 2013 ndipo linayamba kugwira ntchito pa 16 Ogasiti 2017. Moçambique, Malawi ndi Zambia ali m'panganoli. Mu 2022, pa msonkhano wa ku Bali, mayiko anavomerezana kuti amalgam asamaikidwe m'mano a mkaka, kwa ana osakwana zaka 15, kwa amayi apakati ndi oyamwitsa, pokhapokha dokotala ataona kuti palibe njira ina. Mayiko a European Union analetsa amalgam kuyambira pa 1 Januwale 2025, kupatula pa zifukwa zapadera za matenda.

Zomatira zina

Pali zomatira zoyera zopanda mercury. Composite imafanana ndi mtundu wa dzino, koma imafuna magetsi ndiponso kuti dzino likhale louma poimata. Glass ionomer ingathe kumatidwa ndi zipangizo zapamanja popanda makina oboolera, njira imene inayambira ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980. Mu 2021 bungwe la WHO linaika glass ionomer pa mndandanda wa mankhwala ofunikira. Kuipa kwake n'kwakuti pa bowo lalikulu la dzino lotafunira simakhalitsa ngati amalgam.

Wodwala ali ndi ufulu wofunsa chimene akumumata nacho. Mayi wapakati kapena woyamwitsa ayenera kunena asanakhale pampando, ndipo kholo litchule zaka za mwana. Bowo likapezeka lidakali laling'ono, zomatira zoyerazi zimakwanira ndipo dzino limapulumuka. Kutsuka mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride, komanso kuchepetsa shuga, maswiti ndi zakumwa zotsekemera, kumathandiza kuti bowolo lisayambe n'komwe.